Mtima Wobwereka

"Ndati sindivala! Kaya mundimenya, kaya mundipitikitsa, koma zimenezo pachifuwa panga ayi."

"Tsitsa mawu, iwe Benedeta. Waiwala kuti makoma a kuno ndi a udzu?"

"Amve! Aliyense wa makutu amve kuti bambo a Natalia azungulira mutu dzuwa lisanalowe n'komwe."

Jailosi anasuzumira panja, n'kukoka chitseko. Anali atangotsika kabaza kuchokera pa Nsaru, matope akadali m'miyendo, malaya atawaponya pamphasa. Pachifuwa pake, pamene anamwino a kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anameta ubweya m'mawa wa tsikulo, panali timapulasitala tisanu tozungulira. Pa kalikonse panachoka kawaya, ndipo timawaya tonseto tinakathera ku kamakina konga foni ya mabatani, kamene kanali lendelende m'kachikwama ka m'khosi.

"Tamvera kaye, mayi a Natalia," anatero, mawu atawafewetsa ngati munthu wodzapala moto. "Dokotala wati mtima wanga ukugunda mosalongosoka. Pena uthamanga, pena udumpha, pena uima ngati ukumvetsera zinazake. Kamakinaka n'kokhala pathupi masiku awiri, kazilemba kugunda kulikonse. Lachisanu ndikakabweza, iwo akawerenga, n'kundilembera kalata. Kalata imeneyo ndiyo akuidikira bwana wathu, a Goodson."

"Zimenezo ndamva. Chimene sindikumva n'chakuti ine ndikulowapo pati."

"Ukuganiza kuti pa ine kalemba zotani? Kalemba kuti Jailosi ndi ngolo yothyoka gudumu. Koma mtima wakowo ndi wa ng'ombe ya pagoli. Chikwatirane, sindinakuonepo uli wefuwefu, ngakhale utasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kudambo. Ungovala masiku awiri okha basi. Kamakina kalibe maso. Sikadziwa kuti chifuwa ichi n'cha mwamuna, ichi n'cha mkazi."

Benedeta anaomba m'manja kamodzi, n'kuseka chiseko chopanda chimwemwe.

"Kalanga ine! Abambo mfumu paukwati wathu anati mwasanduka thupi limodzi. Sananene kuti muzibwerekana ziwalo ngati makasu. Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo a Natalia. Wodwala ndinu. Nanga mtima wanga ukakumverereni chiyani?"

Amene sanakhalepo pa esiteti ya fodya anganene kuti Jailosi anali chitsiru. Sanali chitsiru ayi. Pa esiteti imeneyo, kuseri kwa Kabudula, panali lamulo losalembedwa paliponse koma lodziwika kwa aliyense: tenanti akayamba kudwaladwala, amakwezedwa lole ndi banja lake lonse, fodya wake n'kupatsidwa wina woti amalize. Munda unkatchulidwa dzina la mwamuna. Mkazi, ngakhale akhale kuti ndiye wathirira nazale, wawokera, wapalira, wabandira, ankangowerengedwa pamodzi ndi mphasa ndi ndowa za mwamunayo. Tsono sabata yapitayo Jailosi anagwa kuchoka pamwamba m'chigafa, shedi yaitali ya udzu youmitsiramo fodya, ali mkati mopachika mikangala, timitengo tokolekapo masamba osokedwa a fodya. A Goodson, manijala wa esitetiyo, anali pomwepo. Sanafunse n'komwe ngati wavulala. Anangoti, "Undibweretsere kalata ya dokotala yonena kuti uli bwino. Pano si pachipatala."

"Wamuiwala Yosefe?" anafunsa Jailosi.

"Sindinamuiwale."

"Mwezi ngati uno chaka chatha, fodya atakhwima kale m'munda, thukuta lonse atakhetsa. Anangotsokomola masabata atatu. Anakamutsitsa pa Njewa, m'mbali mwa msewu, ndi ana anayi ndi thumba la mapoto. Ife kwathu ku Phalombe tikafikira pati? Kamunda ka amayi ako kaja, koti nkhuku ikadumpha yatulukamo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mkazi wanga, wa pachala ndi wa mphepo. Wathuyu akadali pachala. Kwatsala miyezi iwiri yokha kuti apite ku okushoni. Ikatha imeneyo ndidzadwala mmene ungafunire."

"Matenda amapangana ndi munthu, eti? Mumawauza kuti dikirani ndiyambe ndadinda mabelo? Mubise matenda, maliro tidzamva."

Jailosi anagwira kapulasitala kamodzi n'kukamatula, kenaka kena, mpaka tonse tisanu. Anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa tina tatsopano, timene namwino anamupatsa kuti asinthire ngati tina titamatuka ndi thukuta. Ndiyeno anachita chinthu chimene Benedeta anali asanachionepo pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati wawo, kupatula m'tchalitchi. Anagwada.

"Natalia chaka cha mawa alemba mayeso a Sitandade 8," anatero, maso ali pansi. "Ukufuna akalembere m'mbali mwa msewu?"

Benedeta anayang'ana kudenga, kumene udzu unali utayamba kudontha pakona. Anayang'ananso mwamuna wake, chimunthu chonsecho chili pamaondo, mawaya ali m'manja ngati korona.

"Dzukani," anatero. "Dzukani msanga, anthu angakuoneni n'kumati ndinakudyetsani khuzumule."

Anamasula mabatani a bulauzi. Jailosi ankayang'ana zizindikiro zofiira zimene timapulasitala tinasiya pachifuwa pake, n'kumamata malo omwewo pachifuwa cha mkazi wake, lilime lili kunja ngati mwana wophunzira kulemba.

M'mawa mwake Benedeta analawirira kumunda atavala juzi ya mwamuna wake, yotseka mpaka m'khosi. Dzuwa la mwezi wa Febuluwale likatulukira pakati pa mitambo limawotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Pofika teni koloko thukuta linali kamukamu, timapulasitala tikuyabwa, koma utomoni wa fodya unali utadetsa manja moti kukanda kunali kosatheka.

Mumzere wa pafupi munkathyola Edith, mkazi wa tenanti woyandikana nawo nyumba, wochokera ku Ntcheu, wa pakamwa posatseka.

"Anzanga a ku Phalombe, juzi kutentha konseku? Ndi malungo, kapena mwabisamo kanthu ka miyezi itatu?"

"Pakamwa panupo, mayi a Hilario, tsiku lina padzalowa njuchi."

"Zilowe, ndidzafula uchi. Nanga dzulo kosamba sitinakuoneni, lero m'mawanso zii. Madzi munayambana nawo? Mutiuze, tizikudutsani cha kumene kukuchokera mphepo."

"Inu mumasamba kawiri patsiku, koma amuna anu amakhalabe ku bawo."

"Eee, koma lero mwadzuka ndi mano!"

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa Benedeta sikunakhalitse. Akawerama kuti athyole tsamba la m'munsi, kamakina kankamugunda pachifuwa ngati mlendo wogogoda pakhomo. Kamakinako sikankanama. Kankalemba zoona zokhazokha, kungoti zinali zoona za munthu wina.

Cha m'ma fili koloko anasenza mtolo wa masamba kupita nawo kuchigafa. Atangolowa anaona miyendo ili lendelende. Jailosi anali pakati pa kukwera, atakumbatira mphanda ndi manja onse awiri, maso atatseka, nkhope itatuwa ngati phulusa. Benedeta anaponya mtolo pansi, n'kumugwira m'chiuno, n'kumutsitsa pang'onopang'ono mpaka anamukhazika pansi. Anaika dzanja pachifuwa pake. Mkatimo munkamveka ngati nkhuku yomangidwa miyendo ikuphiriphitha m'thumba. Phaphapha, zii. Pha, zii. Phaphaphapha.

"Bambo a Natalia! Ndiyang'aneni!"

Panapita nthawi yokwana kupemphera Atate Athu kasanu Jailosi asanatsegule maso.

"Zadutsa," ananong'ona. "Usauze munthu. Tola masambawo, a Goodson angaone kuti ali padothi."

Nthawi yonseyo mtima wa Benedeta unali ukuthamanga ngati wa gwape wothawa lupsa, ndipo pansi pa juzi kamakina kankalemba.

Lachisanu m'mawa anabwezera kamakina pachifuwa cha mwini wake. Jailosi anati apita yekha, fodya asagone m'munda, koma Benedeta anali atamanga kale chitenje cha paulendo.

"Wodwala sapita kuchipatala wopanda gadiyani," anatero. "Fodya alibe miyendo, tidzamupeza."

Anakwera kabaza mpaka pa Nsaru, minibasi mpaka mtauni. Namwino anachotsa kamakina n'kulowa nako mkati, iwo n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Atawaitana, anapeza dokotala yemwe uja anamuyeza Jailosi poyamba, mayi wachitsikana wa magalasi, akuyang'ana mizere yokhotakhota pa kompyuta.

"A Jailosi, nkhani ndi yabwino, ngakhale yandidabwitsa. Tsiku lija mtima wanu unkagunda ngati ng'oma ya munthu woledzera. Koma apa ukuyenda mwadongosolo ngati wotchi. Pali kampata Lachitatu madzulo pamene kamakina sikanalembe kanthu."

"Thukuta, adokotala. Timapulasitala tinamatuka, ndiye ndinasinthira."

"Chabwino. Ndiyeno dzulo cha m'ma fili koloko unathamanga kwambiri, koma kuthamanga kwake n'kwa munthu wabwinobwino amene wadzidzimuka. Munaona njoka kodi?"

Jailosi anaseka mpaka mano onse kuoneka. "Njoka, adokotala. Yaikulu zedi."

"Matenda amenewa pena amabwera n'kupita. Poti masiku awiri onsewa sanaoneke, mankhwala tisayambe kaye. Mudzabwerenso pakatha miyezi itatu. Munati kuntchito akufuna kalata, eti?"

Anakoka pepala, n'kutsegula cholembera.

Benedeta ankayang'ana nsonga ya cholemberacho. Kwawo ku Phalombe, ngakhalenso kuno kwa Achewa, mkazi savula mwamuna wake pamaso pa alendo. Anamkungwi anamulangiza zimenezo asanalowe m'banja, kuti za m'nyumba zimathera m'nyumba, ndipo zaka zonsezi anazisunga. Koma miyezi itatu! Miyezi itatu ya kukwera chigafa, kunyamula mabelo, kupalasa njinga kupita kuchigayo, wopanda ngakhale kambewu kamodzi ka mankhwala. Dzanja lake linali likukumbukirabe nkhuku ija ikuphiriphitha m'thumba.

"Adokotala," anatero. "Musalembe. Mtima mukuwerengawo ndi wanga."

Jailosi anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Musawamvere, adokotala. Akazi angawa dzuwa lawawomba pabenchi paja."

Benedeta anangomasula mabatani awiri a pamwamba a bulauzi. Pakhungu pake panali zizindikiro zofiira zozungulira, zotupa ndi kukanda.

"Ndavala ine kuyambira Lachitatu madzulo mpaka lero m'mawa. Njoka imene ndinaiona dzulo ndi bambowa, atakakamira mphanda ya chigafa, atatuwa, osayankha ndikawaitana. Ndalakwa ine povomera. Koma ndisalakwe kawiri."

Dokotala anaika cholembera pansi, n'kuvula magalasi. Sanakalipe. Anafunsa chifukwa chake, ndipo Benedeta anafotokoza za lole, za Yosefe, za kalata, Jailosi ali chizolikire ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi ya eni. Atamva zonse, dokotala anakokera mpando wake pafupi ndi Jailosi.

"Bambo, ndiyang'aneni kuno. Mtima ukamagunda mmene umachitira wanuwu, magazi amatha kuundana mkati mwake. Kachibuluma kamodzi kakathawira kumutu, munthu amafa ziwalo mbali imodzi, kapena kugwa osadzukanso. Mankhwala alipo, ndipo anthu amakhala nawo zaka zambirimbiri akulima minda yawo. Koma ndi amitundumitundu, ndipo ine sindingapereke mongoganizira. Mwana wa kaya sachira. Ndikufuna ndiuone mtima wanu weniweniwo pamene ukupunthwa, ndidziwe mankhwala ake."

"Nanga kalata?" anafunsa Jailosi ndi kamawu kakang'ono.

"Kalata yabodza sindilemba. Yoona ndidzalemba ndikadzaona zoona. Timakinati n'tochepa, ndipo pali ena pamzere, ndiye mubwerenso Lachitatu pakatha masabata awiri. Pakadali pano ntchito zapansi gwirani, koma pamwamba musakwerenso." Anatembenukira kwa Benedeta. "Mayi, pabenchi pajapo pamakhala magadiyani ambiri. Ochita zimene mwachita inuzi ndi owerengeka."

Jailosi anadzatsegula pakamwa atafika kudepoti.

"Wandivula. Wandivula pamaso pa kamtsikana kosaposa mng'ono wako. Kalata inali itatsala pang'ono kulowa m'thumba mwanga, iwe n'kuitaya m'madzi. Lole ikabwera udzaiuze wekha zoona zakozo."

Amenewo anali mawu omaliza amene analankhula ndi mkazi wake kwa masiku asanu ndi anayi. Ankadya chete, kugona atafulatira, akafuna madzi n'kumalankhula ndi khoma. Komabe pamwamba sanakwerenso, pakuti mawu aja a kufa ziwalo anamulowa. Ankapachika mikangala m'mizere ya m'munsi yokha, pofika manja, ndipo itadzaza, fodya wosoka anayamba kuunjikana pansi. A Goodson anabwera kawiri kudzafunsa kalata. Kawiri konse Jailosi anati, "Sinatuluke, bwana. Akuti makina avuta."

Tsiku lakhumi Benedeta anabwera kuchokera kumsika wa pa Nsaru, natula dengu, n'kukhala pakhonde pafupi ndi mwamuna wake amene ankasongola mikangala.

"Ndakumana ndi Yosefe," anatero, ngati akuuza nkhuku za pabwalo.

Mpeni unaima.

"Akukonza njinga pansi pa mtengo, pafupi ndi pokwerera minibasi. Chifuwa chija anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, chinatha. Wanenepa mpaka khosi kusowa. Akuti anavutika, inde, anagonapo m'khonde mwa sitolo ndi ana. Koma wandipatsa moni ndi dzanja lake, ndipo wati ndikupatseni moni inunso."

Jailosi anapitiriza kusongola, koma pang'onopang'ono.

"Inu mukuopa lole, bambo a Natalia. Inenso ndikuiopa, musaganize kuti ndine mwala. Koma wokwera lole amatsika ndi miyendo yake. Wokwera chithatha amatsitsidwa ndi zingwe. Ndiye ine mundikwiyire chaka chathunthu ngati mukufuna. Ndi bwino ndiziphikira munthu wokwiya kusiyana ndi kumakalambula pamanda pa munthu amene ndinamumvera."

Jailosi anayang'anitsitsa nsonga ya mkangala.

"Wanenepa zoona, Yosefe?"

"Ngati mfumu ya ndalama."

"Kamunthu kaja kanali ngati bango." Anapukusa mutu, kakumwetulira kakuyesa kutuluka iye n'kumakabweza. "Lachitatu undidzutse m'mamawa. Kabaza woyamba amanyamuka tambala akangolira."

Lachitatu anapita, nabwera nako kamakina pachifuwa. Lachinayi m'mawa matenanti anali m'zigafa zawo, zimene zinandandalikana mzere umodzi, amuna pamwamba, akazi pansi akusoka masamba. Ndi pamene panamveka njinga yamoto. A Goodson anaimika pakhomo pa chigafa cha Jailosi, nalowa ndi majombo awo. Anayang'ana m'mwamba, mizere itatu yonse ili mbee. Anayang'ana pansi, mulu wa fodya wosoka. Anapisa dzanja pakati pa muluwo, n'kulitulutsa msanga.

"Watentha! Fodya uyu wayamba kupsa, mawa akhala manyowa. Iwe Jailosi, ukufuna kundiphera ntchito? Ukuganiza kuti ine ndilibe bwana wanga mtauni wondifunsa?" Anaima, maso atatera pakhosi pa Jailosi. "Nanga chimenecho n'chiyani? Mawaya?"

Jailosi anakweza dzanja kuti abise, koma linaima panjira. M'malo mwake anamasula mabatani onse, malaya n'kutseguka. Akazi a m'zigafa zoyandikana anasiya kusoka. Amuna anasuzumira kuchokera m'mwamba.

"Ndi kamakina koyeza mtima, bwana. Ndikudwala mtima. Makina sanavute ayi, ndinakunamizani. Mawa ndikakabweza, andipatsa mankhwala. Ntchito zapansi ndigwira zonse, koma kukwera andiletsa."

"Tenanti wosakwera chigafa ndi tenanti wanji? Tamvera. Chotsa zingwe zakozo, ukwere, fodya yense uyu akhale m'mwamba dzuwa lisanalowe. Apo ayi, Loweruka lole ikupita ku Lilongwe, ndipo malo alimo."

Zala za Jailosi zinafika pa kapulasitala ka pansi pa phewa. Benedeta anaziona. Jailosi anayang'ana mulu wa fodya, thukuta la miyezi isanu ndi iwiri. Anayang'ana mkazi wake. Kenaka anatsitsa dzanja, n'kuliika kumbuyo.

"Sindichotsa, bwana."

Benedeta anabaya singano yosokera fodya pamphanda, n'kuimirira.

"Bwana, ndifunse nawo. Chimene mukufuna n'chiyani, fodya akwere kapena Jailosi akwere?"

"Mayi, ine ndimalankhula ndi tenanti. Munda uwu ndi wa mwamuna."

"Wa mwamuna, eti? Nazale ankathirira ndani, mbandakucha uliwonse, ndowa makumi awiri? Feteleza anathira ndani? Masamba mwawagwirawo wasoka ndani? Pogwira ntchito mumationa tonse, koma podwala mumaona mmodzi. Fodya sadziwa dzanja limene lamupachika, bwana. Ku okushoni sanunkhiza belo kuti amve ngati munadutsa mkazi."

"Akazi sakwera chigafa."

"Analetsa ndani? Chilipo chimene chimathyoka?"

Sanadikire yankho. Anakwinya chitenje, n'kuchipisa pakati pa miyendo, n'kuchimanga kumbuyo ngati thewera. Anavula masilipasi. Anagwira mphanda, naponda mtanda woyamba, wachiwiri, mpaka mutu unagunda udzu wa denga. Pansi pankaoneka patali kuposa mmene ankaganizira, koma anatambalala pamitanda iwiri monga ankaonera amuna akuchitira.

"Bambo a Natalia, patseni mkangala!"

Jailosi anatola mkangala wodzaza masamba n'kuukweza. Benedeta anaulandira, n'kuugoneka pamalo pake. Wachiwiri unapendekeka, masamba ena n'kugwa. Wachitatu unakhala bwino.

"Mayo ine, a ku Phalombe atiposa!" anakuwa Edith, akubwera chothamanga, chitenje akuchikwinya m'njira. "Ndipatseni malo, anzanga. Ine kwathu ndinkakwera mapapaya, osati tizinthu iti. Inu abambo muli m'mwambamo, tsekani maso, mungachite khungu!"

Kuseka kunabuka m'zigafa monse. Akazi ena awiri anasiya zosoka zawo n'kudzaima pamzere wopatsirana mikangala. Mwamuna wa Edith anatsika m'chigafa chake, nakanda m'mutu, n'kudzaima nawo. Palibe amene anayang'ana a Goodson. Aliyense pamenepo anali ndi kake kobisa, wina chifuwa, wina msana, wina chizungulire cha fodya wamuwisi, ndipo aliyense ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mzere woyamba utadzaza, Jailosi anaima mwadzidzidzi, mkangala uli m'manja. Anaupereka kwa mnzake, n'kukhala pansi, msana atatsamira mphanda. Anafufuza kabatani ka pa kamakina, kamene dokotala anati azikadina zikamuyamba, n'kukadina.

"Wayambanso, mayi a Natalia," anatero mokweza, anthu onse akumva.

"Khalani pomwepo, muzipuma pang'onopang'ono," anayankha Benedeta kuchokera kudenga, maso ali pa iye, manja akulandira mkangala wina. "Kasiyeni kalembe. Kalembe zonse."

A Goodson anaima pakati pa chigafa, makiyi a njinga akuwazunguza pachala. Anayang'ana munthu wokhala pansiyo, mawaya ali poyera. Anayang'ana mulu umene unali kutsika, ndi m'mwamba mmene munali kudzaza. Kumuchotsa tsopano kukanafuna kupeza banja lina pakati pa nyengo, ndiponso kudutsa pakati pa anthu onsewa, amene anali chete mwa mtundu umene iwo sanauzolowere. Anatsokomola, natuluka, n'kukwera njinga yawo.

"Loweruka lole ipita yokha," anatero, akuponda sitata. "Koma nkhaniyi sinathe. Fodya akadzapita ku okushoni, ine ndi inu tidzaonana."

Benedeta anapukuta thukuta ndi phewa, nasuzumira pakati pa masamba.

"Tidzaonana ndithu, bwana," anatero. "Oonana ndi amoyo."